Simbi ya Daliso ndi Ndowa Yanga

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene ndinachoka kwathu ku Kasenengwa kukakhala ndi azakhali ku Chipata kuti ndipitirize sukulu. Azakhaliwo anali aphunzitsi, ndipo anali ndi mwana mmodzi, Daliso, wa msinkhu wanga.

Tsiku loyamba azakhali anandifunsa ngati ndimadziwa kusita ndi simbi yamagetsi. Ndinachita manyazi kunena kuti sindinaigwirepo, ndiye ndinayankha kuti ndimakonda yamakala. Kuyambira pamenepo, m'mawa uliwonse ndinkakupiza makala pakhonde, maso ali psuu ndi utsi, pamene Daliso ankangolumikiza simbi yake kukhoma n'kumaimba mluzu. Malaya ake ankatuluka osalala bwino. Anga ankakhala ndi timadontho ta phulusa pakolala. Mumtima ndinkati mwana wa m'nyumba ndi mwana wa m'nyumba basi.

Pabalaza panali mita ya mayunitsi a magetsi yokhala ndi kagetsi kofiira. Ndinaona kuti Daliso akayatsa simbi, kagetsiko kankaphethira mofulumira. Choncho azakhali atadandaula m'nyengo yozizira kuti mayunitsi akutha msanga, ndinayang'ana pansi n'kunena chapansipansi kuti, "Mwina ndi simbi, azakhali." Ndinkafuna ailetse, tonse tizitsokomola limodzi pakhonde.

Loweruka masana azakhali anatiitana. "Tisamangoganizira. Tiyeze," anatero. Anatisonyeza nambala yolembedwa kunsi kwa chipangizo chilichonse, yomwe anati ndi mawati. Chinthu cha mawati 1,000 chikayaka ola lathunthu chimadya yuniti imodzi. Tinayeza ketulo, kenako wailesi. Simbi inali ya mawati 1,000, ndipo Daliso ankasita kwa kota ya ola. Ndiye kuti inkadya kota ya yuniti patsiku.

"Basi?" Mawuwo anangondipulumuka.

Daliso anandiyang'ana n'kulowa kubafa. Anatuluka ndi kachitsulo kopindika kotenthetsera madzi m'ndowa.

"Kabweze ako, iwe," azakhali anatero.

"Ayi amayi, mwati tiyeze zonse."

Kanali ka mawati 2,000, ndipo kankayaka theka la ola m'mawa uliwonse. Yuniti yathunthu. Kankaposa simbi ija kanayi.

"Nanga amasamba madzi otentha muno ndani?" Daliso anafunsa. "Ine ndimatuluka m'bafa mano akugundana, koma abwana a ku Kasenengwa amapeza ndowa ikufuka nthunzi!"

Zinali zoona. Ndikadzuka ndinkapeza ndowa yofunda pakhomo pa bafa, ndipo ndinkayesa kuti aliyense amapeza yake. Sindinkadziwa kuti atate anawauza azakhali za chifuwa changa cha mphumu, chomwe chinkayamba ndikazizidwa. Azakhali ankalawirira kunditenthetsera madzi, koma iwo ndi mwana wawo ankasamba ozizira. Miyezi yonseyo ine ndinkasirira simbi ya Daliso, iyenso ankasirira ndowa yanga.

"Ndiyamba kusamba ozizira, azakhali," ndinatero.

"Udzasamba ozizira m'nyumba mwako, osati muno." Anatenga ketulo n'kuiika pamwamba pa kabati. "Ichi ndiye chipume. Tiyi tiziphika pambaula, poti tili ndi katswiri wa makala. Daliso, muphunzitse msuweni wako kusita ndi magetsi, asadzatiotchere malaya."

Daliso anandiphunzitsa akung'ung'udza. Lolemba lake ndinamusiyira theka la madzi a m'ndowa. Sanathokoze, koma ndinamumva akuimba mluzu m'bafa.

Lero ndimagula ndekha mayunitsi a m'kachipinda komwe ndimachita lendi, ndipo ndisanagule chipangizo ndimayamba ndachitembenuza kuti ndione mawati ake. Ndimakumbukirabe kagetsi kofiira kaja. Simbi ya Daliso ikayaka ndinkakaona chifukwa ndinali maso, ndikuyang'anitsitsa. Koma nthawi yomwe kankaphethira kwambiri chifukwa cha ine, ndinali ndili m'bulangeti, ndili m'tulo.