Malaya a Dzanja Limodzi

Ofesi yathu inali kachipinda ka kuseri kwa sitolo ina pa Namadzi, ndipo tinkagwiramo ntchito awiri: ine ndi bambo wina wachisilamu amene ndinkawaitana kuti achimwene ngakhale panalibe chibale chilichonse. Ndiwo anandiphunzitsa kulemba khodi, malangizo aja amene amauza kompyuta chochita kuti webusayiti ioneke ndi kugwira ntchito. Ndinafika kwa iwo kuchokera kwathu ku Namitambo ndikungodziwa kutayipa makalata basi. Anali munthu wofatsa, koma wamakani a chinunu, aja amakuvomera ndi mutu kenako n'kukachita zawo zomwe.

Chaka chimenecho tinapeza ntchito imene kwa ife inali yaikulu. Gulu la alimi a nandolo a cha ku Magomero linatopa ndi mavenda a masikelo akuba, ndipo linkafuna webusayiti yoti ogula a m'tauni aziona nandolo amene gulu lili naye n'kumaitanitsa okha. Wapampando wa gululo sanabise mawu. Anati chinthucho chithe nandolo asanaume, apo ayi alimi akagulitsanso kwa mavenda omwe aja, ndipo iye adzasowa poika nkhope pamsonkhano.

Tinagawana ntchito. Ine ndinatenga za maonekedwe: masamba, zithunzi za matumba, mawu olandirira alendo. Achimwene anatenga chovuta, gawo lolandira maoda, lochotsera matumba amene agulidwa ndi kutumiza uthenga pa foni ya wapampando. Popanda gawo limeneli webusayiti yonse inali chikwangwani chabe. Pakhoma tinakhoma bolodi ya pulayiwudi n'kuigawa patatu: "Zosayamba", "Zili pamoto", "Zapsa". Ntchito iliyonse inali ndi kapepala kake, ndipo tinkakasuntha malinga ndi pamene yafika.

Tinalinso ndi lamulo limodzi, ndipo analikhazikitsa ndi iwo omwe. Tinkagwiritsa ntchito pulogalamu yotchedwa giti, imene imasunga mbiri ya kusintha kulikonse, kuti wasintha ndani, liti, ndi mzere uti. Ukaononga lero umatha kubwerera pa dzulo. Koma mbiriyo imakhala mu laputopu yako yokha mpaka utaitumiza ku seva, kompyuta ina ya kutali kumene tonse tinkatengako ntchito. Kutumizako timati kupusha. Lamulo linali lakuti munthu asatseke chitseko madzulo asanapushe. Tsiku lina ndili wongoyamba kumene ndinaiwala, ndipo anandibweza ndili kale pa siteji ya minibasi.

"Chemwali, laputopu ndi dengu, si nkhokwe," anatero. "Bwererani mukapushe."

Ndinabwerera ndikung'ung'udza, minibasi n'kundisiya.

Ndiye mutha kuona mmene zinandipsetsera mtima nditazindikira kuti mwini lamulo wasiya kupusha. Kuyambira cha m'ma Epulo dzina lawo silinkaonekanso pa seva. Ankagwira ntchito, ndinkawaona ndi maso angawa, ndipo madzulo ankanyamula laputopu kukapitiriza kunyumba. Kapepala kawo kanangokhala pa "Zili pamoto" mpaka kanayamba kupindika m'makona.

"Achimwene, nanga dengu lija lasanduka liti nkhokwe?" ndinawafunsa.

Anaseka. "Sizinapse, chemwali. Mukaziona pano mundiseka."

"Ndikusekeni ine? Pushani pa nthambi yanu, malo anuanu a pa seva, sindikhudzako. Ndani aziona?"

"Seva nayo ili ndi maso," anatero. Kenako anandiuza za bambo awo, amene anali telala wa pakhonde pa Namadzi pomwepo. Akuti mkuluyo sankalola kuti malaya a dzanja limodzi aoneke pakhonde. Kasitomala akabwera malaya asanathe ankawabisa pansi pa makina, n'kumuuza kuti abwere mawa. "Ine ndine mwana wa telala. Ndikamaliza kusoka dzanja linalo mudzaona, ndipo mudzaomba m'manja."

Ndinawauza kuti bambo awo sankasoka malaya pa magetsi ozimazima, ndiponso kuti zengerezu adalinda kwawukwawu. Anavomera ndi mutu monga mwa nthawi zonse. Madzulo ake sanapushe.

Linali tsiku la chiperoni mu Juni, kamvula kowaza kakungonyowetsa anthu osagwa kwenikweni. Ndinapita ku Magomero kukajambula nyumba yosungiramo matumba ya gulu lija ndi kamera ya ku ofesi, foni yanga itathima chifukwa kwathu magetsi anali atazima kuyambira dzulo lake. Nditabwerera pa Namadzi masana ndinapeza ofesi yokhoma. Mwini sitolo anandiyang'ana ngati ndamulakwira, n'kundifunsa ngati ndikuchokera kumaliro.

"Maliro a ndani?"

Anagwira pakamwa.

Achimwene anali atagwa m'mawa kudimba kwawo akuthirira tomato. Anthu ankati ndi kuthamanga kwa magazi. Sanafike n'kuchipatala komwe. Ndinathamangira kwawo, ndipo ndikulowa m'mudzi ndinakumana ndi amuna ovala mikanjo akuchokera kumanda, jeneza lonyamulira maliro ali nalo lopanda kanthu. Asilamu sagoneka maliro, zimenezi ndinkazidziwa kuyambira ndili mwana, koma kudziwa ndi kwina, kukumana nazo panjira ndi kwina. Munthu amene dzulo lake ndinakangana naye za mtundu wa batani la pa webusayiti anali kale m'dothi. Ndinangokhala pansi m'mphepete mwa njira, m'matope momwemo.

M'nyumba ya siwa ndinakhala pamphasa pafupi ndi akazi awo, amene ndinkawatchula kuti alamu. Ndikulira chomwecho maso anga anagwera pamwamba pa kabati. Laputopu inali pamenepo, yovundikiridwa ndi kansalu koluka. Ndinachita manyazi kuti maso a munthu angaone zotero pamaliro, koma anaona.

Sindinaipemphe. Ndikanayamba bwanji? Kwathu kuno aliyense amadziwa nkhani za anthu amene amafika pamaliro misozi ili m'maso, mtima uli pa njinga ndi malata a malemu. Mkazi wa ku Namitambo, wosakhala mbale, wosakhala msilamu, n'kunyamula katundu wa mwamuna wa eni ake dothi la pamanda lisanaume? Mudzi wonse ukanandipatsa dzina. Nditawafunsa mayi anga kunyumba anandidula ndisanamalize. Anati katundu wa malemu sakhudzidwa mpaka abale atachita sadaka ya masiku makumi anayi, ndipo ndidikire ngati munthu woleredwa.

Ndinadikira. Ndinkatsegula ofesi ndekha, n'kumakonza masamba anga amene anali atapsa kale. Kapepala ka achimwene sindinakachotse pa bolodi. Wapampando ankaimba foni, poyamba mopepesa, kenako mosapepesa. Ndinkamuuza kuti zonse zilipo, zili mu laputopu ya malemu, tingodikira mwambo. Ndinkakhulupiriradi zimenezo. Ndikakwera minibasi ndinkaona nandolo m'minda akuyamba kuchita chikasu, koma ndinkadzitonthoza kuti dzanja lotsala la malaya aja ndidzalisoka ndekha msanga.

Tsiku la sadaka linafika. Ashehe anawerenga, anthu anadya mpunga, ndipo chakumasana abale anayamba kugawa katundu. Mikanjo, zisoti, jekete lawo lakuda lija, zonse zinali zochapidwa ndi kusitidwa bwino, zikununkhira sopo. Ngakhale nsapato zinali zopolishidwa. Alamu sankatuluka, anali adakali m'masiku awo okhala m'nyumba monga amachitira mkazi wamasiye wachisilamu, choncho anatuma mayi wina kudzandiitana. Ndinawapeza kuchipinda ali ndi mchimwene wawo, bambo wochita malonda a nsalu ku Limbe.

"Alamu," anatero mkazi wa malemu uja, "ichi abale onse agwirizana kuti ndi chanu. Malemu ankati inu ndinu mlongo wawo wa pantchito."

Anandipatsa laputopu yokulungidwa m'chitenje chatsopano. Ndinalira, ndipo ndisaname, theka la misoziyo inali ya mpumulo. Ndinagwada n'kuthokoza. Iwo anati ndiiyatse pomwepo kuti aone ngati ikugwira bwino.

Ndinaiyatsa. Sinafunse pasiwedi. Chithunzi cha dimba la tomato chimene chinkakhala poyambirira panalibe, m'malo mwake panali mapiri a kunja obwera ndi kompyuta yatsopano. Ndinatsegula pamene pankakhala mafoda a ntchito. Panalibe. Ndinafufuza dzina la ntchito yathu, kenako dzina la gulu la alimi, kenako mawu akuti nandolo. Kompyuta inkangoyankha kuti palibe chopezeka.

"Mwaiona mmene ikuthamangira?" anatero mchimwene wawo uja monyadira. "Ndinapita nayo ndekha ku Limbe kwa katswiri weniweni. Anafufuta zonse, n'kuika zatsopano. Anatiikiramonso mafilimu ndi makaswida, nyimbo zathu zachisilamu, ambirimbiri, aulere, mpaka kudzaza."

"Anafufuta... zonse?"

"Zonse, mayi. Ili ngati ya m'sitolo."

Alamu anandigwira dzanja. "Ndinawatuma ndine. Zovala tachapa, nsapato tapukuta. Ndiye inu tikanakupatsani chinthu chili ndi thukuta la malemu, chokhoma ndi pasiwedi yoti sitikuidziwa? Mukanati sitikukulemekezani."

Ndikanakalipira ndani? Mayi amene wandichapira mphatso? Bambo amene wasiya malonda ake n'kukwera minibasi chifukwa cha ine? Mkwiyo wonse unalunjika kwa munthu mmodzi yekha, ndipo iyeyo anali kumanda. Mumtima ndinawakalipira ngati ali moyo: achimwene, inu amene munandibweza pa siteji, inu a dengu ndi nkhokwe, taonani tsopano! Kungodina batani limodzi lokha, ngakhale kamodzi pa sabata! Ndinadziwa pomwepo kuti chofufutidwa n'kuthiridwa mafilimu pamwamba sichibwerera, madzi akatayika saoleka. Ndinadziwanso kuti ntchito ya miyezi imeneyo sindingailembe ndekha nandolo asanaume. Sindinaithedi. Chaka chimenecho alimi anagulitsa kwa mavenda, ndipo wapampando sanandiimbirenso foni.

Koma m'chipinda muja ndinangoti, "Zikomo alamu, mwachita bwino." Mchimwene wawo anatuluka ali wokhutira, tinatsala awiri.

Ndinkafuna kunyamuka pamene anandikoka chitenje kuti ndikhale. Analankhula motsitsa mawu.

"Pali chimodzi chimene ndikupempheni. Chinthu chija ankapanga, ndionetseni. Madzulo alionse ankakhala pampando uwo mpaka chakudya kuzizira. Ndikasuzumira ankatseka, amvekere, 'Sizinapse, ukadzaona zikatha.' Dzulo lake la tsiku lija anandiuza kuti kwatsala pang'ono. Ndikufuna ndione chimene chinkandilanda mwamuna wanga."

Anamwetulira ponena mawu omalizawo.

Ndinatulutsa foni n'kutsegula seva. Ndinawaonetsa masamba, zithunzi za matumba, mawu olandirira ogula. Anafunsa ngati zimenezo zinali za malemu, ndinati ayi, izi ndi zanga. Kuti ndiwapatseko kanthu, ndinatsegula mbiri ya ntchito, pamene giti imalemba dzina la munthu ndi tsiku limene anapusha. Dzina la amuna awo linali pamenepo, mzere ndi mzere, ndi timawu tawo tachidule: ndakonza apa, ndayamba za maoda, izi ndibwererako. Alamu anatenga foni m'manja mwanga. Ankayendetsa chala pang'onopang'ono, akuwerenga dzinalo ndi milomo yokha, ndipo ankaseka pang'ono akapeza mawu amene ankamveka ngati mwini wake. Anafika pamwamba, pa mzere wawo womaliza, n'kuima. Anayesa kukokanso ndi chala, koma pamwamba pake panali dzina langa lokhalokha.

"Apa palembedwa Epulo," anatero.

"Ee."

"Koma iwo anamwalira mu Juni. Ankagwira tsiku lililonse, ine ndikuona. Nanga za masiku onsewo zili kuti?"

Iwo anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako maso awo anatsika pang'onopang'ono mpaka pa laputopu imene inali pamiyendo panga, yoyera, yopukutidwa bwino, itakhala pa chitenje chatsopano chimene anandigulira.

"Alamu," anatero, "zinali m'menemo?"

Kunja amayi anali akutsuka mbale za sadaka, ndipo wina ankaitana kuti alendo a ku Namitambo abwere adzatenge mpunga wa kunyumba.