Odi pa Geti la Chipatala

Fungo la mapepala achinyezi ndi tiyi wowira mopitirira likandipeza, ndimaona agogo aamuna ali pampando wawo m'fulati yathu ya ku Ilford, mphuno ili m'buku. Anathawa ku Malawi chifukwa cha ndale, n'kudzakalambira kuno akutsuka mabasi. Mabuku awo onse ankanena za anthu a zaka za m'ma 1800: oluka nsalu, onyamula katundu padoko, atsikana a m'mafakitale amene anaika zida pansi n'kunena kuti chuma ndi cha wokhetsa thukuta. Ankawatchula ngati abale awo a ku Kasungu, moti ine ndinkayesa kuti tsiku lina adzabwera kudzationa.

Ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri, ng'ala inawaphimba maso. Ndinkawawerengera ine, iwo n'kumandikonza osaona tsamba. Opareshoni tinaidikira mpaka kutopa, ndipo kalata ya kuchipatala inanenetsa kuti wochedwa abwerera kumapeto kwa mzere.

Tsikulo tinafika kuchipatala cha ku Romford ine ndi amayi titawagwira mikono, n'kupeza okolopa ndi okankha odwala ali pa sitalaka pageti, zikwangwani m'mwamba. Odwala ankangodutsa, panalibe wowaletsa. Agogo atamva nyimbo zawo anaima nji.

"Adadi, tiyeni, appointment yatsala ten minutes," anatero amayi.

"Pakhomo pa eni salowa ngati mbuzi. Chipatala ndi cha amene amachikolopa."

Anavula chipewa n'kuwomba m'manja. "Odi! Odi kuno!"

Manyazi anandigwira zedi. Azungu ndi amwenye a pa sitalakawo anangoyang'anana. Amayi misozi inalengeza, koma nkhalamba ija inalolera khungu kusiyana n'kudutsa anzake osapempha. Anaodira kachiwiri, kachitatu.

Pamenepo mayi wina wa ku Zambia anatsitsa chikwangwani n'kupinda maondo mwaulemu. "Odini, batate, ngenani, lowani ndithu. Ise tilibe mulandu na odwala." Atafotokozera anzake, gulu lija linapatuka, wina n'kuthamangira njinga ya odwala. Anthu amene anakana ntchito tsiku limenelo anawakankha okha agogo mpaka pakhomo pa dokotala. Maso anatseguka, ndipo anadziwerengera okha mpaka imfa.

Lero ndine namwino, ndipo sabata yamawa tikunyanyala ntchito. Abwana andichenjeza kuti udindo umene ndikuufuna ukhoza kundipitirira. Upitirire. Mdzukulu wa munthu amene analolera kutaya maso anjenjemere chifukwa cha kampando?