Kiyi wa Asisitere

Dzulo pa lesitilanti ina ku Northbridge, kuno kutsidya la nyanja, mwana wanga anaitanitsa buledi woviika m'mafuta a azitona. Fungo lake linandibwezera kuchipatala cha mishoni kwathu, kumene mayi ankachapa nsalu za odwala ine ndili mwana.

Kumeneko kunali asisitere okalamba ochokera ku Spain, omwe manja awo ankanunkhira mafuta amenewa. M'thumba ankayenda ndi kiyi wachitsulo, wamtali kuposa chikhatho changa. Tsiku lina ndinawafunsa kuti ndi wapati.

"Wa nyumba ya kwathu," anatero. Kenako anandisimbira za katauni kawo ka paphiri. Aluya anamangapo linga, Akhristu anadzalanda n'kumangapo tchalitchi, ndipo anthu anaphana zaka zambirimbiri kulimbirana malowo. Nkhondo zitatha, achinyamata anakafuna ntchito m'mizinda. Nyumba zinatsekedwa, minda inamera tchire.

Masiku amenewo bambo sankalankhulana ndi achimwene awo chifukwa cha mizere isanu ya m'malire a munda. Ndinathamangira kunyumba.

"Ababa, lekani kukangana. Ku Spain kuli minda yopanda eni, kiyi ali ndi asisitere."

Bambo anandiyang'ana, nkhope ili gwa. "Mvula imagwa kumeneko?"

"Sindinafunse."

"Kafunse."

Ndinapitadi. Asisitere anati imagwa mwa apo ndi apo. Bambo atamva anati basi, tikhala konkuno.

Mizere ija bambo anaipambana pa mlandu. Lero pamera tchire, ndipo kiyi wa nyumba yathu ali m'chikwama changa muno, pamodzi ndi khadi la basi ya ku Morley, kumene ndimakhala tsopano.