Zipolopolo Zisanu Zosalembedwa

Nditakwatira ndinakakhala kwawo kwa mkazi wanga, kuseri kwa Fonte Boa, monga achitira mkamwini aliyense. Apongozi anga aamuna anali ndi mfuti yaing'ono yokhala ndi mapepala ake a boma, yothamangitsira nguluwe zimene zinkafukula kachewere kudimba. Anabwera nayo kuchokera ku Malawi nkhondo itatha, pamodzi ndi bokosi la zida zothirira wonga watsopano m'zigoba za zipolopolo zoomba kale. Munalinso balansa, kasikelo koyezera wonga, ndi buku la Chingelezi lothothoka chikuto. Zapatali ankaonabe bwino, koma timanambala ta pabalansa tinali titayamba kuwazemba, choncho bokosilo anandipatsa ine.

"Inu munapita ku institutu ya zaulimi," anatero. "Manambala ndi anu."

Tsiku loyamba lomwelo ndikanawapha. M'bukumo muyeso wa wonga unalembedwa ndi zilembo ziwiri, gr. Ine wophunzira m'Chipwitikizi ndinawerenga kuti magalama. Wonga utakana kulowa wonse m'chigoba, ndinayamba kuutsendera. Mkazi wanga, amene anaphunzira ku Dedza akukhala ndi azakhali ake, anasuzumira paphewa panga.

"Atekiniko, mukutsendera fodya kodi?"

"Buku likutero."

"Buku silikunena magalama. Awa ndi mageleni, muyeso wa Angelezi. Galama imodzi imameza mageleni oposa khumi ndi asanu. Mukufuna bambo anga tikawatole ndi lichero kudimba?"

Iye anaseka. Ine ndinakhuthula wonga wonsewo m'chigobamo.

Kuyambira pamenepo woyeza anali iye, ine wotseka zigoba. Tinkagwira ntchitoyi Loweruka m'mawa, zenera lotseka, chifukwa kamphepo kalikonse kankagwedeza balansa. Akamathira timbewu tomaliza ta wonga ankanong'ona kuti, "Musapume." Ndinkagwira mpweya mpaka singano ya balansa itaima.

Tinayambira pa muyeso wotsikitsitsa wa m'buku, zipolopolo zisanu zisanu. Tinkakhoma pepala pachulu, apongozi n'kuomba, ife n'kuyeza kutalikirana kwa mabowo ndi kuyang'ana ngati zigoba zatupa. Malire a buku sitinawadumphepo. Zonse mkazi wanga ankazilemba m'kaderino, kope lake. Pakati pa manambala iye ankaika kadontho, monga anamuphunzitsira ku Malawi, ine n'kumadzakokera kamchira kuti kakhale vigula, monga timalembera m'Chipwitikizi.

"Siyani kumeretsa michira manambala anga," ankatero.

Zisanu zilizonse ankaziika mu envelopu yolembedwa muyeso ndi tsiku. Lamulo lake linali limodzi: chosalembedwa sichiombedwa, chimaphwasulidwa.

Loweruka lina ndinaitanidwa kukaona munda wa munthu, ndipo anatsala akumaliza yekha. Madzulo anati mutu. Lachitatu anamwalira kuchipatala ku Ulongwe. Za masiku anayi amenewo sindilemba.

Patapita miyezi, abale ake anandisudzula, kundimasula kuti ndibwerere kwathu. M'mawa wa tsiku lonyamuka ndinatsegula bokosi lija kuti ndilisiye mwadongosolo. Pamwamba panali envelopu. Munali zipolopolo zisanu, zotsekedwa bwino, zopukutidwa. Kunja kwake kunalibe chilembo ngakhale chimodzi.

Apongozi anali atakhala pakhomo, chipewa pabondo.

"Zisiyeni, akamwini. Nguluwe zayambanso. Mwana wanga sankaphonya muyeso."

"Sizinalembedwe, bambo."

"Ndiye muphwasule ntchito yake yomaliza?"

Kuzitenga sindikanatha, poti mapepala a mfuti ndi awo. Ndikanazisiya, akanaziomba sabata yomweyo, nkhope atagunditsa pamfuti. Koma m'nyumba monsemo munalibenso china chimene chinali chikhalire monga anachisiyira. Zovala anali atagawana. Ngakhale fungo lake linali litachoka.

Ndinatseka zenera.

Ndinazula mutu wa chipolopolo choyamba, kukhuthulira wonga pambale ya balansa. Singano inaima ndendende pa muyeso umene tinagwirizana. Chachiwiri chimodzimodzi. Chachitatu, chachinayi. Ndinayamba kudzida, kuti ndawononga pachabe.

Chachisanu ndinachipendeketsa, osatuluka kanthu. Ndinachigogoda. Munalibe wonga.

Chotere chikaombedwa, mutu wake umatha kutsakamira mumpope wa mfuti, ndipo chotsatira chimaphulitsa mfutiyo m'manja mwa munthu. Zimenezo ndinazidziwa nthawi yomweyo. Chinachedwa kundifika ndi china. Munthu amene sankaphonya ngakhale kambewu kamodzi anatseka chigoba chopanda kanthu, n'kusiya envelopu yosalemba. Ndiye kuti mutu unali utayamba kale kumupweteka m'mawa uja. Mwina unali utayamba pamene ndinkamanga nsapato pakhomo, iye n'kunena kuti, "Pitani, ndimaliza."

Ndinatuluka n'kuika chigobacho m'dzanja la apongozi. Anachigwedeza pafupi ndi khutu, nthawi yaitali. Kenako anavala chipewa, n'kupita kuseri kwa nyumba.

Ndinabwerera kukadzaza zisanuzo mwatsopano, kuti ndiwasiyire zolembedwa. Pa chomaliza, ndikuthira timbewu totsiriza, singano inagwedezeka pang'ono, monga inkachitira wina akapumira pafupi. Zenera linali lotseka. Ine ndinali nditagwira mpweya.

Ndinadikira mpaka inaima. Ndinalemba muyeso pa envelopu ndi m'kaderino, pansi pa mzere wake womaliza. Pakati pa manambala ndinaika kadontho, ndipo sindinakakokere mchira.