Magazi Anga Ankapita ku Lichinga

Ndili wamng'ono ndinkaganiza kuti mwana aliyense wopanda mayi amatengedwa magazi. Amama anamwalira ndisanayambe kuyenda, ndipo ndinakula ndi atate okha ku Nkholongue. Atate anakulira ku Malawi nthawi ya nkhondo, ndiye pobwerera kuno anapeza abale awo atabalalika. Pakhomo tinalipo awiri basi.

Pakapita miyezi ingapo, linkafika tsiku loti atate asapite kokoka usipa. Ankandiveka diresi la kutchalitchi n'kuyamba nane ulendo wa kuchipatala ku Metangula. Ndikatopa ankandinyamula paphewa. Kumeneko anamwino, mayi wamfupi wa mawu okhuthala, ankandiyimika pasikelo, kundiyeza msinkhu, kundiyang'ana m'kamwa, kenako n'kukhuthula botolo langa kuti aone mapiritsi otsala. Nthawi zina ankandibaya pamkono n'kudzaza kabotolo. Ankati magaziwo akupita ku Lichinga kukayezedwa. Ine ku Lichinga ndinali ndisanafikeko, choncho potuluka ndinkayang'ana machapa, maminibasi odzaza anthu pamsika, n'kumadzifunsa kuti yanyamula magazi anga ndi iti.

Pabenchi yodikirira ndinkakumana ndi mtsikana wa msinkhu wanga wochokera kumtunda, ku Maniamba. Ankabwera ndi azakhali ake. Iye ankandipatsa chimanga chokazinga, ine n'kumupatsa usipa wouma. Tinkayerekezana tizipsera ta jakisoni, koma sitinafunsanepo chimene tinkadzera. Ndiye mnzanga yekha amene sindinkamubisira botolo. Kusukulu, apulofesola akafunsa chifukwa chimene ndajombera, ndinkayankha monga anandiuzira atate, kuti ndili ndi chifuwa.

Nditatsala pang'ono kutha msinkhu, ndinayamba kuwonda, zilonda n'kubuka m'kamwa. Tsiku lina anamwino anayang'ana zotsatira za magazi anga nthawi yaitali.

"Bambo, mwanayu akumwa mankhwala bwinobwino?"

"Ndimamupatsa ndekha, mayi. Sanadumphitsepo."

"Ndakukhulupirirani. Koma tizilombo tachuluka m'magazi. Mankhwalawa asiya kugwira, tiyenera kumusinthira."

Ine ndinafunsa, "Tizilombo tanji?"

Anamwino anatembenukira kwa atate. "Simunamuuzebe?"

Atate anawerama, n'kumayang'ana mapazi awo ong'aluka. Anamwino anakoka mpando, nakhala moyang'anizana nane. Anandiuza kuti ndinabadwa ndi kachilombo ka HIV, kuti ndinakatengera kwa amama iwo osadziwa, ndipo kuti magazi amapita ku Lichinga kuti aone ngati mankhwala akukagonjetsa. Anati ndikamamwa atsopanowo mosalekeza ndidzakula ngati wina aliyense. Sindinalire. Ndinkangomva kutentha m'makutu.

Pobwerera tinayenda mtunda wautali. Titadutsa minda ya chinangwa, atate anaima.

"Mwanawe, nanenso ndimamwa."

"Bwanji sindinakuonenipo, atate?"

"Ndimamwera m'bwato. Ndinkaopa kuti ukaona ufunsa, ndipo ndinalibe mawu okuyankha." Anapukuta thukuta. "Amako mankhwalawa sanawapeze. Anafika iwo atapita kale."

Kuyambira pamenepo tinkamwera limodzi, koma nkhaniyo sitinaikambenso. Anzanga akamaseka za anthu odwala pochapa zovala kunyanja, ine ndinkangowerama n'kumachapa. Ndinkadikira ulendo wotsatira kuti ndikafunse mtsikana wa ku Maniamba ngati iyenso anauzidwa. Mafunso ndinali nditawakonza kale mumtima.

Sanabwere. Ulendo winawo sanabwerenso. Ndinalimba mtima n'kufunsa anamwino.

"Za mwana wa eni sindingakuuze," anatero mofatsa, "monganso sindingauze munthu za iwe."

Mpaka lero sindidziwa ngati anasamukira kuchipatala china kapena anamwalira. Mudzi wake weniweni sindinaufunse, poti ndinkaona ngati azibwera nthawi zonse.

Mankhwala atsopano anandiyanja. Zilonda zinapola, thupi linabwerera. Nthawi imeneyo ndinali nditayamba kupita ndekha kuchipatala, ndipo tsiku limene zotsatira zina zinafika, atate anali ku Lunho kumene usipa unkafa kwambiri chaka chimenecho. Anamwino anandigwira dzanja akumwetulira.

"Kachilombo sikakuonekanso m'magazi. Kalipo, koma kagona. Usasiye kumwa."

Ndinatuluka ndili ndi chimwemwe, ndinaima pakhomo la chipatala, n'kupeza kuti palibe woti ndimuuze. Ndinadutsa pamsika, ndinapatsa moni amayi ogulitsa tomato, ndinayenda njira yonse ndekha. Kunyumba ndinatunga madzi, n'kuyamba kusenda chinangwa choti ndiviike.

Atate anabwera patapita masabata, atada ndi dzuwa. Ndinawauza asanatule n'komwe katundu. Anakhala pansi pakhonde, ukonde uli pamiyendo.

"Tanenanso," anatero.

Ndinabwereza mawu a anamwino onse. Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, nandifunsa ngati ndadya.