Sizasi ya a Che Saidi pa Kalata Yanga

Ndikukumbukira chaka chimene ndinasiya sukulu, ndili Sitandade 5, nditamenyana ndi monitala. Bambo anali ku Joni chaka chachinayi, makalata atatu osayankha. Amalume anali atalamula kale kuti mvula ikagwa popanda yankho, ukwati wa mayi utha basi.

Mayi anandiuza kuti ndilembe kalata yachinayi. Ndinailemba mtima ukuwira, pensulo mpaka kuboola pepala. Ndinayamba ndi "Bambo, mwatitaya." Kenako denga lodontha, mawu a amalume, ndipo kumapeto, poti malo anatsala, ndinawonjezera za Esinati, mlongo wanga amene bambo anamusiya ali m'mimba: kuti ndege ikamatsika kulowera ku Chileka, amathamangira panja n'kumakuwa kuti ababa abwera.

Popita ku positi ndinapatukira pakhonde la a Che Saidi, telala wa pa Lirangwe amene ankalemberanso anthu makalata, kukapempha envulopu. Anawerenga kalata ija mwakachetechete, kenako anatenga sizasi n'kuyamba kuidula mzere ndi mzere.

"Mukuwononga kalata yanga, mdala inu!"

"Khala pansi, mphwanga. Simbi ikatenthetsa imapsereza nsalu."

Sanataye liwu ngakhale limodzi. Anayala timapepalato pathebulo la makina monga ankayalira zidutswa za malaya, n'kumatisuntha ndi chala. Esinati ndi ndege yake anakwera pamwamba. Denga linatsatira, kenako amalume. "Mwatitaya" anamuika pansi penipeni, payekha. Atandiwerengera, mawu anga omwe ndinawamva ngati achilendo. Chija chinali chipongwe chinasanduka kulira.

"Munthu ukamulonjera ndi mbama, zotsalazo sazimva," anatero. "Yamba wamulowetsa m'nyumba. Kopera."

Ndinakopera ndikung'ung'udza.

Yankho silinabwere pa positi. Koma anthu akumaliza kugalauza mizere, mitambo itayamba kuda, bambo anatsika basi pa Lirangwe ndi sutikesi yachitsulo. Kalata ija inali m'thumba la jekete, itathetheka m'mapindo. Asanakhale n'komwe pansi anafunsa, "Wa ndege uja ali kuti?"

Mtima wapachala sunandithere, anthu a pa siteji ya basi amandidziwa. Koma buku la nthano likandigwera m'manja, ndimayang'ana chimene wolemba waika patsogolo ndi chimene wasungira kumapeto, n'kuona chala cha telala uja. Ndipo mkwiyo ukafika pakhosi, ndimayamba ndafunafuna kaye Esinati wa nkhaniyo. "Mwatitaya" amadikira pansi.