Mtsikana Wotaipa wa pa Njuli

Inu amene mwagwapo mpaka kuchita manyazi kuyenda pamsewu, mvetserani za Esnat wa ku Namitambo.

Tsiku limene zotsatira za mayeso a Fomu 4 zinatuluka, Esnat sanadzere pamsika pobwerera kunyumba. Anazemba n'kudzera m'minda ya nandolo, chifukwa pamsikapo panali mayi ake, a Nabanda, akugulitsa tomato, ndipo anzawo onse ankadziwa kuti mwana wapita kukaona dzina. Dzinalo panalibe. Aka kanali kachiwiri.

Madzulo a Nabanda anamupeza kuseri kwa nyumba, maso ali psuu. Sanafunse za mayeso.

"Wadya?"

"Ayi, amayi."

"Idya kaye, uzilira uli ndi mphamvu."

Miyezi inapita. Anzake amene anakhoza ankatumiza zithunzi ali kukoleji, ndipo achibale anayamba kunong'ona kuti mtsikanayu angokwatiwa basi, mutu wa sukulu alibe. Esnat nayenso anayamba kukhulupirira zomwezo.

Kutchalitchi kwawo kunali bambo wina, a Gray, amene anali ndi kashopu ka fotokope ndi kutaipa pa Njuli. Ankafuna munthu wosesa ndi kusanja mapepala. Esnat anavomera, n'kukakhala kwa azakhali ake kufupi ndi shopuyo.

Sipanatenge nthawi, a Gray anamukhazika pakompyuta. Poyamba ankataipa ndi zala ziwiri, lilime lili panja.

"Iwe, ukujompha ngati nkhuku yotola chimanga," a Gray ankatero akuseka. Koma sanamuchotsepo.

Ambiri obwera pashopupo anali anthu ophunzira kukoleji kwinaku akugwira ntchito. Ankabwera ndi zimene alemba pamanja kuti ziwataipidwire. Mphunzitsi wa pulayimale ankabweretsa zofotokoza ndakatulo ndi nthano. Wapolisi wina ankalemba za malamulo a malo. Mayi wa golosale ankalemba za kayendetsedwe ka bizinesi. Kunalinso wojambula maukwati amene ankaphunzira za mafilimu, ndipo zolemba zake zinali zokhotakhota ngati njira ya nyerere.

Magetsi akazima, ntchito inkaima. Ena a pashopupo ankatuluka kukacheza ndi a kabaza, koma Esnat ankatsala akuwerenga mapepala aja pofuna kuti asadzalakwitse potaipa. Mawu akamuvuta, ankadikira mwini wake n'kumufunsa. Anthu amakonda kufotokoza zimene akuphunzira, choncho palibe ankamukaniza. Wapolisi uja ankafika pochedwa kuntchito chifukwa chomulongosolera kusiyana kwa mlandu waupandu ndi mlandu wa anthu awiri okangana.

Akapita kumudzi Loweruka, a Nabanda ankaona zakuda. Esnat ankawauza kuti tomato wawo akumuika malo olakwika, kuti wofiira azikhala kutsogolo kuti akope maso. Akaonera filimu ndi azisuweni ake, ankawauza chifukwa chimene kamera yayandikira nkhope ya munthu.

"Mwana uyu watibwerera ndi pakamwa," a Nabanda ankatero. Koma tomato wofiira anamuika kutsogolo.

Tsiku lina kushopu kuja kunabwera namwino, mayi Dorothy. Ankachita kafukufuku wofuna kudziwa chifukwa chimene okalamba ambiri amasiyira panjira mankhwala a kuthamanga kwa magazi. Vuto lawo linali loti agogo ambiri a m'midzi yozungulira ankamasuka kwambiri m'Chilomwe, pamene iwo Chilomwe sankachimva. Esnat anakula akuchiyankhula ndi achibale a kwa mayi ake.

"Ungandiperekeze Loweruka?" anafunsa mayi Dorothy.

Anayenda limodzi khomo ndi khomo. Esnat ankakhala pamphasa, n'kuyamba ndi za mvula ndi za nandolo, kenako n'kufika pa za mankhwala. Agogo ena anati mutu unasiya kuwawa, ndiye amwerenji. Ena anati kuchipatala n'kutali ndipo miyendo inakana. Esnat ankamasulira, ndipo nthawi zina ankawonjezera funso lakelake lomwe linkatsegula nkhani yonse.

Pobwerera, mayi Dorothy anaima panjira.

"Esnat, sukulu unalekezera pati?"

"Ndinalephera Fomu 4. Kawiri."

"Ndiye kachitatu ulemba liti?"

Esnat anaseka, akuyesa ndi nthabwala. Ataona kuti namwinoyo sakuseka, anafunsa:

"Ndikalepheranso, ndidzayenda bwanji pa Njuli pano?"

"Udzayenda ndi miyendo yomweyi. Koma ine ndakuona lero. Kale unkaloweza, pano umafunsa. Si munthu yemweyo amene akalowe m'mayesomo."

Mawu amenewo anamukhala mumtima sabata yonse. Atawauza a Gray kuti akufuna kulembanso mayeso, iwo anangoti aziweruka masana kuti azipita kusukulu ya masana, ntchito yotsala azimaliza m'mawa.

Sizinali zophweka. Anakhala m'kalasi ndi ana amene anali ku pulayimale iye ali Fomu 2, ndipo ankamutcha "anti". Masamu anamuliza kangapo. Koma tsopano anali ndi aphunzitsi shopu yonse. Mayi wa golosale ankamuthandiza masamu, mphunzitsi uja ankamuwongola Chingerezi, mayi Dorothy ankamufotokozera za thupi la munthu pojambula mtima kuseri kwa mapepala owonongeka.

Zotsatira zitatuluka, Esnat anali atakhoza bwino kwambiri moti anasankhidwa kupita kuyunivesite. A Nabanda atamva, anasiya tomato pabenchi n'kuvina kuzungulira msika wonse, chitenje chili m'chiuno, amayi anzawo akululutira pambuyo.

Posankha maphunziro, makasitomala anachita kumulimbirana. Wapolisi anati akachite zamalamulo. Wa golosale anati bizinesi. Wojambula anati ali ndi diso la mafilimu. Esnat anawathokoza onse, koma mtima wake unali utatsala pamphasa za agogo aja. Anasankha zaumoyo.

Kuyunivesite nakonso kunali mapiri ake. Chaka choyamba analephera phunziro limodzi, ndipo mantha akale anabwerera. Analembanso, nakhoza. Pofika chaka chomaliza, anachita kafukufuku wake kwawo komwe. Anafuna kuona ngati magulu a amayi a m'matchalitchi angathandize okalamba kukumbukira mankhwala ndi masiku a kuchipatala. Anayenda ndi magulu aja miyezi ingapo, ndipo m'midzi imene anayesamo, okalamba ambiri anapitiriza kumwa mankhwala awo.

Atamaliza maphunziro, sanafune kuti zimene anapeza zingokhala m'kabati ya kusukulu. Anaitanitsa anthu pabwalo la tchalitchi kwawo ku Namitambo, n'kufotokoza zonse m'Chinyanja ndi m'Chilomwe. Agogo ankagwedeza mitu, ena akuloza anzawo amene ankabisa mapilitsi kudenga. Bwalo lonse linali phwete.

Pomaliza anati, "Alipo ali ndi funso?"

Dzanja loyamba kukwera linali la a Nabanda. Anaimirira pang'onopang'ono, nakonza duku lawo.

"Funso langa likupita kwa nonsenu. Kodi mwana wayankhulayu ndi wa ndani?"

"Ndi wanu, a Nabanda," anthu anayankha akuseka.

"Zikomo. Ndimafuna munene nokha." Ndipo anakhala pansi.

Lero Esnat amagwira ntchito zaumoyo m'boma lake lomwelo la Chiradzulu.

Mwina inunso mayeso anakugwetsani, ndipo mukugwira kantchito kamene ena amakaona ngati kachabe. Tsegulani maso pomwe mulipo, funsani osachita manyazi, ndipo mpata ukabwera, yesaninso. Kulephera ndi chinthu chimene chinakuchitikirani, si dzina lanu. Mtimawo musautaye, mukuufunabe kutsogoloku.